A Nakhle Saba Sanadye Ndalama za Odwala

Malemu anabadwa pa 9 Januwale 1971 kuno ku Zahle, m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika wa zamasamba. Dzina lawo ndi Nakhle Saba, mwana woyamba wa malemu a Jirjis Saba ndi ine, Wadiha. Amalume awo amafuna kuti mbiriyi awerenge iwo, koma ndawakaniza. Amazungulira polankhula, pamene lero pali nkhani yofunika kuilunjika.

Sukulu anayamba mu 1977 kwa masisitere. Inali nthawi ya nkhondo, lero aphunzira, mawa tabisala tonse m'chipinda chapansi. Mu 1986 bambo awo atamwalira, anasiya sukulu n'kumandithandiza kugulitsa mphesa ndi mbatata. Zamsika sankazitha. Wogula akangoti zadula, iwo atsitsa kale. Ndinawachotsa pabenchi panga asanandigwetse.

Mu 1993 anayamba kuyendetsa takisi pakati pa Zahle ndi Beirut. Mu 1998 anamanga ukwati ndi a Violette Maalouf m'tchalitchi muno.

Mu 2004 madalaivala a matakisi anayambitsa bungwe lawo la inshuwalansi ya zachipatala, losafuna phindu. Aliyense ankasonkha pamwezi, wina akadwala bungwe linkalipira kuchipatala. Malemu anasankhidwa kukhala msungichuma, ndipo ntchitoyo anaigwira osalandira malipiro. Ana ambiri amene mwakhala nawo m'mabenchimo anabadwira kuchipatala chifukwa cha thumba limenelo.

Mu 2017 mkangano unabuka. Ku Beirut akuluakulu ankakambirana zoti pakhale khadi limodzi la chipatala la dziko lonse, ndipo pawailesi ankati mabungwe osafuna phindu akhalira ndalama pamene odwala akuvutika. Mkanganowo unafika mpaka kumsonkhano wa madalaivala. A Abdo Tohme, dalaivala mnzawo amene ankadwala impso, anapempha kuti ndalama zimene bungwe linasunga zigule makina otsukira magazi, akhale pachipatala cha kuno. Malemu anakana. Anati thumba likauma ndipo kukagwa vuto lalikulu, tidzalirira kwa yani? Zikhale kubanki. Anthu anavota, mbali ya malemu inapambana.

Atabwera kunyumba ndinawafunsa, "Iwe Nakhle, ndalama yoti sungaigwire m'manja, umati ndi yako?" Anaseka n'kuti, "Amayi, zabanki zisiyeni, inu zanu ndi mphesa." Ndinati chabwino abwana, tiona.

Ndikanakonda ndikanakhala wolakwa ine.

Mu Okutobala 2019, chuma cha dziko chitasokonekera, mabanki anatseka zitseko. Atatsegula, ndalama zinali zosatulukanso. Nonse mukudziwa, zanunso zili komweko. Zipatala zinayamba kufuna madola pamanja, khadi la bungwe osaliyang'ana n'komwe. Malemu ankapita kukaima pamzere kubanki mpaka miyendo kutupa, n'kubwerako chimanjamanja. A Abdo anamwalira mu 2020. Pamaliro awo, mwana wanga anauzidwa pamaso pa anthu kuti atuluke. Anatuluka, nakaima panja m'chisanu mpaka mwambo unatha.

Kuyambira pamenepo mphekesera inayamba, yoti a Nakhle anadziwiratu, anathawitsira ndalama za bungwe kunja kwa dziko. Pasiteji anzawo anasiya kumwa nawo khofi. Mwana wamkazi wa malemu kusukulu ankamutcha mwana wa mbava. Ine ndinati tiyeni tikawafunse mmodzimmodzi, pakamwa ndili napo. Anandigwira mkono n'kuti, "Asiyeni, amayi. Anthu akumva kuwawa, akufuna wina woti amuloze."

M'malo moyankha, anayamba kunyamula ulere membala aliyense wodwala, kupita naye ku Beirut ndi kubwera naye, mafuta akusowa m'dziko muno. Ena mwa amene ankawanenawo anakwera galimotoyo. Sinditchula mayina, mukudzidziwa.

Mu Meyi 2022 anayamba kudandaula m'mimba ndi kuonda. Madokotala anapeza khansa ya m'matumbo. Bungwe linali litayambanso kusonkha pang'onopang'ono, ndipo malemu anali ndi ufulu wothandizidwa ngati membala aliyense. Anakana. Anati akangotengapo, anthu adzati taonani, wamaliza ndi zotsala zomwe. Ndinakalipa, ndinalira, ndinawatcha chitsiru pamaso pa akazi awo. Sanasunthe. A Violette anagulitsa zibangili zawo zaukwati, ine ndinayenda m'mafamase onse a m'tauni muno kunenerera mankhwala ngati ndikugula anyezi. Mankhwala ankapezeka mwezi uno, mwezi winawo ayi. Matenda sanenerereka. Anatisiya Lachiwiri pa 14 Febuluwale 2023, ali kunyumba, ali ndi zaka 52.

Tsopano mundimve. Mwana wanga analakwitsa. Makina aja akanagulidwa, mwina a Abdo akanakhala pano. Kwa akazi a malemu a Abdo, ndakuonani kumbuyoko, zikomo pobwera, ndipo pepani. Koma kulakwitsa si kuba. Munthu wobisa ndalama kunja safa akugawa mbulu wa mankhwala pawiri kuti ufike mawa. Ngati alipo muno wodziwa kumene a Nakhle anabisa ndalama, aimirire tsopano bokosi lisanatuluke, anene ine ndikumva. Ndidikira. Ngati palibe, nkhaniyi tikuikwirira lero, ndipo ndisadzaimvenso pasiteji kapena pakamwa pa ana anu.

Malemu asiya mkazi, a Violette, ana awiri, Rabih ndi Maguy, mchemwali wawo a Souad, ndi ine mayi wawo, amene ndimayenera kutsogola.

Tikuthokoza abambo mfumu, anamwino amene ankabwera kudzabaya jakisoni osatilipiritsa, anansi otiphikira, ndi madalaivala amene mwaimika matakisi anu panjapo kuti muwaperekeze. Mwachedwa, komabe mwabwera.

Nakhle, mwana wanga, watopa mokwanira. Ambuye akulandire, mzimu wako uuse mumtendere.