Mipando Iwiri Basi

Pamzere wosinthitsa umwini wa galimoto, bambo wina wa tayi anatembenukira mayi wa imvi amene anali pambuyo pake.

"Mayi, kagalimoto kofiira ka injini yamphamvu ya tabo kali panjako n'kanu?"

"N'kanga. Ndagula dzulo."

"Akupusitsanitu! Kakalekale kameneko, kamamwa mafuta ngati chidakwa. Mipandonso iwiri yokha. Achibale azikhala pati?"

"Ndagulira zomwezo, bambo. Zaka makumi awiri pikapu yathu yanyamula odwala awo, mabokosi awo a maliro, mbuzi zawo. Tsiku limene amuna anga anagwa ndi sitiroko, inali ku ukwati wa alamu, foni osayankha. Kuchipatala ndinawakankha pa wilibala."

"Pepani, mayi. Nanga mpando winawo?"

"Ndi wa amuna anga. Enawo azingomva kamluzu ka injini tikamawadutsa."