Mwana wanga anabwera m'kachitini

Awulutsi, ndine bambo wokalamba wa ku Kandeu. Mwana wanga anakwatira ku Joni ndipo anamwalira komweko. Adzukulu anakumba manda, tonse tikudikira bokosi, koma mpongozi wanga anatsika m'galimoto atanyamula kachitini ka phulusa.

"Bambo, anasankha yekha kutenthedwa," anatero. "Ankati ku Joni ndi mlendo, kunonso ndi mlendo."

Makalata onse a mwana wanga ndinasunga, ndipo palibe pomwe analemba zimenezo. Amayi ake anafunsa kuti, "Nanga nkhope tionera pati?"

Adzukulu anati phulusa si maliro, choncho anakwirira thunthu la nthochi. Kachitiniko kali m'kabati mpaka lero. Sindidziwa kokalirira, kumanda kapena pabalaza.