Motoka Imene Ndinapita Kukagula ku Shimabala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri a inu mumandidziwa ndi dzina la Chotsaniko. Si dzina limene anandipatsa amayi. Ndinalitola pamsika, chifukwa palibe chimene ndinagulapo pamtengo umene mwiniwake watchula. Ndimagula ndi kugulitsa mafiriji akale, matayala ndi mamotoka otopa. Ngakhale mapiritsi a mutu ndinkanenerera.

Mowa sindinkamwa. Fodya ayi. Ndiye ndinkadziyesa woyera. Koma mukandikhazika pa sitelingi, ndinkasanduka chilombo.

Kwa ine msewu unalinso msika, ndipo aliyense wakutsogolo anali woti ndimugonjetse. Ndinkamumatirira kumbuyo, kumuwalitsira malaiti, kumuimbira hutala mpaka apatuke. Pomupitirira ndinkatulutsa mutu pawindo n'kumufunsa ngati laisensi anachita kutola. Kumbuyo kwa pikapu yanga ndinalembetsa zilembo zazikulu: UKACHEDWA UDYA FUMBI.

Lachiwiri lina m'mawa ndinkachokera ku Lusaka, kuthamangira firiji imene munthu ankagulitsa ku Nangongwe. Ndinkaopa kuti wina andiyambirira. Nditangodutsa Shimabala ndinapeza kamotoka kabuluu, kodzaza repu ndi mabokosi a tomato, kakukwawa pachitunda.

Oyendetsa mukuudziwa mwambo wa msewu uno. Wakutsogolo akayatsa indiketa ya kumanja pamalo popanda pokhotera, akukuuza kuti usapitirire, kukubwera chinthu. Kamotoka kaja kanayatsa ya kumanja. Ndinaiona bwinobwino. Ndinati mumtima, uyu ndani woti andiphunzitse msewu?

Ndinatulukira kumanja. Pamwamba pa chitunda panatulukira lole yaikulu, maso ndi maso. Kubwerera kunali kosatheka. Kupitirira kunalinso kosatheka. Ndinaona nkhope ya woyendetsa loleyo, kukamwa kuli yasa.

Pamenepo kamotoka kaja kanadziponya kumanzere, kusiya tala. Panatseguka mpata, ine n'kulowa. Lole inadutsa ndi mphepo yake.

Pagalasi ndinaona fumbi, tomato akugubuduka pamsewu, kamotoka katapendekeka m'ngalande. Phazi langa linakhudza buleki. Kenaka linachoka. Abale, firiji ija ndinakaigula.

Miyezi itatu sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga. Sindinkadziwa ngati m'kamotoka muja munatuluka wamoyo. Ndikamva za maliro ndinkafunsa mochenjera kuti wamwalira bwanji. Pofika pachitunda paja ndinkakweza wailesi. Lamulungu ndinkakhala pampando womwewo, kukweza manja, kuimba mokweza kuposa oyandikana nawo.

Tsiku lina mnzanga anandinong'oneza kuti ku Shimabala kuli mayi akugulitsa motoka motchipa. Pantchito yathu pali lamulo: usafike kwa wogulitsa pa motoka yako, angadziwe kuti m'thumba muli kanthu. Pikapu ndinaibisa kuseri kwa kagolosale kumsewu, ndinavala mapatapata akutha, n'kuyenda wapansi ngati munthu wovutika.

Mwini motoka anali amake Mutinta, mayi wamasiye wolima ndiwo zamasamba. Motoka inali pansi pa mtengo wa mango, itachita fumbi. Mamotoka abuluu ndi ambiri, sindinaganize kanthu. Nditaona kuti mbali ya kumanzere ndi yophwanyika, mtima wa Chotsaniko unavina.

"Amai, iyi motoka inamenyewa maningi," ndinatero. "Apa peve mufunika kuchotsako. Chinachitika n'chani?"

"Ni munthu wina wa pikapu, atate. Ninamuyashila indiketa, sanamvele. Ninaona kuti azafa. Ninati uyu naye ali na bana, lekani nimupase njila." Anandionetsa chipsera chachitali padzanja. "Olo kuimilila sanaimilile. Nkhope sininaione. Ninabelenga chabe vamene analemba kumbuyo, ati ukachedwa udya fumbi. Fumbi yeve ninadya zoona."

Anaseka pang'ono. Ine ndinazindikira kuti ndi kamotoka kaja.

Anati motokayo anawasiyira malemu amuna awo, ndiyo inkafikitsa ndiwo kumsika wa ku Kafue. Injini inali bwinobwino. Koma chichitikire ngoziyo, akangogwira sitelingi manja amanjenjemera. Ndiwo zinkaolera m'munda. Akaigulitsa, basi, azingodikira ogula a padimba, anthu a mtima ngati wanga.

Ndinati ndione kunsi ngati sikudontha oilo. Ndinagwada, n'kulowetsa mutu pansi pa motoka kuti asaone nkhope yanga. Ndipo kunsi kumeneko, abale, ndinayamba kunenerera ndi Mulungu.

Ndinati, Ambuye, ndiigula pamtengo wonse, osachotsako, koma ndisanene. Kumwamba kunali zii. Ndinati, ndiwonjezerapo, ndizigulanso tomato wawo. Zii. Ndinati, chabwino, ndinena, koma chaka chamawa. Pamenepo ndinazindikira chimene sindinakumanepo nacho pamsika uliwonse. Yesu sachotsako. Anandilipirira zonse pamtanda, ndipo ankafuna choonadi chonse, tsiku lomwelo.

Ndinatulutsa mutu, mawondo akadali pansi.

"Amai, wa pikapu uja ndine."

Pafupi panali azibambo atatu akuumba njerwa. Ndinadziwa kuti mayiwa akangokuwa kamodzi, mapatapata aja sandifikitsa kumsewu.

"Ili kuti iyo pikapu?" anafunsa amake Mutinta.

Tinayenda mpaka kuseri kwa kagolosale, iwo patsogolo, ine pambuyo. Anaima n'kuwerenga zilembo zija, chimodzichimodzi.

"So mwabwela kusiliza? Munanigwesa mu ngalande, manje mufuna na motoka yeve mutenge pa mutengo wa nkhuku?"

Kenaka anandifulatira.

"Yendani. Nisakuoneni futi."

Ndinapita. Madzulo ake ndinaulula kwa mkazi wanga, m'mawa mwake kwa abusa. Zilembo zija ndinazipala ndi mpeni. Loweruka ndinabwerera ku Shimabala kukapempha kuti ndiwongoletse motoka ija, anandibweza pachipata. Loweruka linalo, chimodzimodzi. Ulendo wachitatu anandiponyera makiyi pansi osandiyang'ana. Ndinakawongoletsa motokayo n'kuibweza pansi pa mango paja.

Koma chitsulo chimawongoka msanga kuposa mtima. Manja awo ankanjenjemerabe. Ndiye ndinapempha chinthu chimodzi: Lachiwiri lililonse ndiziyenda pambuyo pawo mpaka kumsika, kuti pasapezeke wina wowamatirira. Anavomera.

Tsiku loyamba anaima katatu panjira. Pachitunda paja anatsika, n'kukhala pamwala, kulira. Ine ndinaima chapatali, malaiti a ngozi akuphethira. Titanyamukanso, mzere wa mamotoka unatalika kumbuyo kwanga. Kondakitala wina wa minibasi anatulutsa mutu: "Iwe mudala, wanyamula mazila?" Magazi anawira, dzanja linapita lokha pa hutala. Ndinalibweza n'kunena, Yesu, gwirani dzanjali.

Tayenda choncho miyezi iwiri. Mawu akuti ndakukhululukirani sanandiuzebe, ndipo sindiwanenerera. Koma sabata yatha, titatsitsa mabokosi pamsika, anandiyang'ana m'maso koyamba n'kuti, "Pa Chibili musabwele. Nizayenda neka." Ndipo anayenda okha. Motoka ija siikugulitsidwanso.

Alemekezeke Yesu amene anandipeza nditabisa mutu pansi pa motoka! Anapulumutsa thupi langa kudzera mwa mayi amene ndinkamuimbira hutala, ndipo wapulumutsanso moyo wanga.

Mbale wanga, mlongo wanga, mwina iwe suyendetsa. Koma ngati pali munthu amene unamusiya m'ngalande n'kupitirira ngati sunaone, usadikire mpaka ukamve za maliro ake. Dzuka ubwere kuno kutsogolo tipemphere limodzi, ndipo mawa m'mawa ubwerere ukamufune. Ameni.