Kubweleka kwa a Faifi

Mvula itakokolola kamlatho ka ku Kaumbwe, sukulu inatsala tsidya lina, ndipo a Kasonde, alangizi a zaulimi, analengeza kuti mwana wawo Abby amuphunzitsa okha pakhonde. Amake Abby anangoti chabwino, koma lelo apita kukatenga aneba, a Stanislaus, aphunzitsi opuma, kuti adzamuyese samu yochotsela: mwana akalephela, mailo m'mawa akwela basi kukakhala kwa azakhali ake ku Petauke, adadi ake atsale ndi choko chawo.

"Khala bwino," anatelo a Kasonde, akugogoda chitseko chakale chomwe anachisandutsa bolodi. "Fifite-thu kuchotsa seveni. Tiyambila kumapeto kuno. Thu kuchotsa seveni, zitheka?"

"Sizitheka."

"Ehee! Mwana wanga ameneyo! Ndiye titani?"

"Tisiye."

"Tisiye chani! Tibweleka kwa neba."

Abby anatsika pampando, n'kuyamba kuvala patapata.

"Upita kuti?"

"Kwa amake Ricky. Ndikati atibwelekeko seveni?"

"Bwela kuno iwe! Neba wa thu. Uyu apa. Faifi."

Abby anamuyang'anitsitsa faifi uja. "Amadziwana?"

"Sukuona akhala pamodzi?"

"Ifenso tikhala pafupi ndi amake Ricky, koma amami sawapatsa moni."

"Awa amadziwana! Apemphela tchalitchi chimodzi! Manje tamvela. Titenga wanu kwa faifi..."

"Mwapempha?"

"Sitipempha."

"Ndi odi yemwe simunanene."

A Kasonde anayang'ana kumsewu, anayang'ana kumunda. Kunalibe munthu. Anagogoda pa faifi ndi chala.

"Odi, a Faifi."

Abby anatchela khutu. "Sanayankhe."

"Ayankha! Ati tengani!"

"Ine sindinamve."

"Ali ndi chimfine! Penya kuno. Wanu uja tamutenga, tabwela naye kwa thu. Akafika, akhala teni. Teni ndi thu, thwelofu."

"Adadi."

"Chani?"

"Mwatenga wanu."

"Inde."

"Wafika ali teni."

"Inde!"

"Wabeleka panjila?"

"Sanabeleke! Kwawo uko anali kale teni, chabe amaoneka ngati wanu!"

"Hee. Ndi mfiti."

"Si mfiti, ndi samu!" Choko chinathyoka. Anatola chidutswa, n'kudula faifi ndi mzele.

Abby anagwila pakamwa. "Mayo! Mwawapha!"

"Sindinawaphe! Atsala folo. Apeleka wanu, atsala folo."

"Owo. Ndiye tiwabwezela liti?"

"Sitibweza."

"Mailo?"

"Iyayi."

"Tikakolola?"

"Sitibweza, ndati!"

"Pa Khisimasi?"

"Abby! Ngakhale ukwatiwe, ubale ana, anawo amele ndevu, wanu ameneyu sabwelela kwawo!"

Abby anapinda manja. "Ndiye si kubweleka. Ku Sande sukulu anati kutenga osabweza ndi kuba. Ine sindichitako. Ibani nokha."

A Kasonde anakhala pa ndowa. M'mutu mwawo basi inali itaima kale pamsewu, Abby ali pawindo, kachikwama pamiyendo, pakhonde pano patatsala iwo ndi nkhuku. Anatsitsa mawu.

"Mwanawe, ufuna kupita ku Petauke?"

"Iyayi. Azakhali amameta anthu mpala."

"Ndiye mva. Kubweleka kulipo kuwili. Kwa ana ndi kuja kobweza. Koma kulinso kwa akuluakulu. Umatenga bwinobwino, mwiniwake akuona, munasekelelana. Chabe chinthucho chimazolowela kwanu, basi chimakhala."

Abby anayang'ana kunkhokwe. Kenaka maso ake anayamba kukula.

"Ooooh! Ngati wilibala!"

"Wilibala iti?"

"Ya a Stanislaus! Ili kuseli kwa nkhokwe, munaifunditsa masaka!"

"Shhh! Iwe!"

"Ija munawauza kuti munabweza kale, mwina ana awo ndiwo anataya!"

"Ndati shhh! Imeneyo ndi nkhani ina!"

Koma Abby anali atalanda kale choko. "Simunanene bwanji poyamba? Thwelofu kuchotsa seveni, faifi. A Faifi atsala folo. Fote-faifi!"

A Kasonde anadzuka pa ndowa pang'onopang'ono. Analemba samu ina. "Fote-fili kuchotsa eyiti."

"Odi, a Folo! Tibwelekeko wilibala!" anaimba Abby, akudumpha ndi mwendo umodzi. "Satini kuchotsa eyiti, faifi! A Folo akabwela kudzafunsa, adadi kulibe, apita ku miting'i! Sate-faifi!"

"Wakhoza! Sikisite-wanu kuchotsa naini!"

"Odi, a Sikisi! Wilibala! Tinabweza kale, funsani ana anu! Fifite-thu!"

"Wakhozanso! Mayo ine, ndabala pulofesa!" A Kasonde anamunyamula, anazungulila naye, anavina mpaka nkhuku zinathawila kudimba. "Basi ipite yokha! Azakhali ako amete mbuzi!"

Anavina, anavina, kenaka mwendo unaima m'mwamba. Anali atakumbukila amene akubwela kudzayesa.

Anamutsitsa bwinobwino. "Abby. Aphunzitsi akafunsa, ungonena ansa chabe. Wamva?"

"Munati wophunzila weniweni amanena njila yonse mokweza."

"Zimenezo ndinanena dzulo. Lelo tinena chamumtima. Tayesa. Sevente-folo kuchotsa sikisi. Pakamwa tseka."

Abby anatseka pakamwa. Masaya anafufuma. Anayang'ana bolodi, anayang'ana denga.

"Ansa?"

"Tisiye."

"Aaa! Chabwino, nena mokweza, koma m'malo mwa wilibala uziti njinga."

"Njinga ya ndani?"

"Ya aliyense!"

"Tinabweza?"

"Inde. Iyayi! Kulibe njinga, ndi chitsanzo chabe!"

"Ndiye ndibweleka bwanji chinthu choti kulibe?"

"Khasu! Nena khasu!"

"Khasu amami anabweza. A Seveni akhalabe seveni. Sevente-eyiti."

"Wachotsa, ansa n'kukula?"

"Ndi khasu lanulo."

Kumsewu kunamveka kuseka kwa amake Abby, ndi chifuwa cha munthu wamkulu, khoo, khoo. Anali atafika kale pa mtengo wa mango.

A Kasonde anathamangila kuseli kwa nkhokwe, masaka uko, masaka uko. Nzelu inali yoti adutse m'chimanga, akaisiye pakhomo pa mwiniwake, mwana akaitchula iwo adzangoti, ha, ija? Ili kwanu, kaoneni. Anaikankha. Tayala linalila, kwiii, kwiii, ngati nkhumba yagwidwa mwendo.

"Adadi, mupita nayo kuti?"

"Kwawo!"

"Aaa! Ikapita, wanu nayenso abwelela! Samu zonse ziwonongeka!"

"Siziwonongeka! Wilibala ndi wilibala, samu ndi samu!"

"Ndilephela ine! Andimeta mpala!"

Abby anathamanga, phi, n'kukhalamo, manja onse awili gwa m'mbali.

"Tsika!"

"Iyayi!"

"Tsika, mwanawe, chinthu cha eni ake ichi! Munthu ukabweleka umabweza!"

"Odi kuno!" anatelo mawu a a Stanislaus pageti.

Abby anawayang'ana adadi ake mwachisoni, monga amayang'anila mphunzitsi mwana wosamva, ndipo anakweza mawu kuti ndi alendo omwe apindule.

"Adadi, mwaiwala kale? Tanenani pambuyo panga. Ya a Stanislaus sitibweza!"