Mazipi Ofiira

Pa siteji ya basi, mayi wina wosoka zovala anakhala pabenchi, tepi yoyezera ili m'khosi, atafukata katoni ndi kajumbo pamwamba pake. Bambo wachikulire amene anali pambali anamusunthirako.

"Tsitsani pansi katunduyo, mayi, mutopa naye."

"Ayi bambo, ndi wa eni ake uyu, angade. Ndi mazipi. Amene amandigulitsa ulusi anawasiya kushopu kwanga ine kulibe. Akuti ingosungani, mudzawafuna. Dzulo wanditumizira bilu."

"Inu munaitanitsa?"

"Ndiitanitse mazipi ofiira okhaokha? Ndisokere ndani?"

"Koma munatsegula?"

"Ndinangosuzumira basi. Sindinachotsemo ngakhale imodzi."

"Mwachita bwino. Mlamu wanga anamusiyirapo penti chomwecho, iye n'kupaka chitseko. Analipira chigubu chonse akulira."

"Ine ndamuimbira kuti adzatenge, akungoti ali kutali. Ndiye ndikukamutulira kunyumba kwake. Koma sindikufuna tidane, poti ulusi wosaduka pamakina umapezeka kwa iye yekha."

"Nanga m'kajumbomo muli chiyani?"

"Malaya. Ndamusokera. Ndikawasiya kwa mkazi wake, bilu yanga yosokera ili m'thumba la malayawo."

"Anakuuzani kuti akufuna malaya?"

"Ayi. Angosunga, adzawafuna."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Nanga muyezo wake munautenga liti? Bwanji akakamuthina?"

Mayiyo anakonza katoni ija pamiyendo, maso ali kumsewu kumene basi imachokera.

"Muyezo? Iyeyo pobweretsa mazipiwa anandiyeza?"