Theka la Bolodi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mumawerenga tsamba langali. Ambiri mumandidziwa kuti ndine mphunzitsi wa giredi seveni pasukulu ina yolipira ku Woodlands, koma ndi ochepa amene akudziwa kuti chaka chatha ntchitoyi inatsala pang'ono kundipulumuka chifukwa cha phewa langa lamanja. Ndine mayi wamasiye wa ana awiri, ndipo chilichonse chimene timadya m'nyumba mwathu ku Kabwata chimachokera pa choko.

Zinayamba ngati kutopa chabe. Patatha miyezi iwiri mkono unakana kukwera kupitirira pachifuwa, ndipo ndikaukakamiza ululu unkabaya ngati msomali wamoto. Kugonera mbali imeneyo kunatha, kupesa tsitsi kunatha, mu minibasi munthu akangondigunda ndinkaluma mlomo kuti ndisamutukwane. Ndinkangogula mapiritsi ndi mafuta opaka, chifukwa kupita kuchipatala kunkafuna kupempha tsiku kuntchito.

Kusukulu sindinauze munthu. M'sukulu zolipirazi mphunzitsi wodwaladwala sachedwa kumupezera womulowa m'malo, ndinaziona ndi maso anga pa mnzanga wina. Ndiye ndinapeza nzeru yanga yopusa, ndinayamba kulemba theka lam'munsi lokha la bolodi. Ana akutsogolo ankaona bwino, akumbuyo ankangoona mitu ya anzawo. Akadandaula ndinkawakalipira kuti ndi aulesi. Zimandichititsa manyazi mpaka lero, chifukwa anali ana oyembekezera mayeso, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti wolakwa ndine.

Kutchalitchi nako sindinapeze mpumulo. Pa mapemphero a amayi, anzanga anaona kuti sindikukweza manja poimba. Nditafotokoza, mayi wina wachangu anati pali munthu wandimanga mkono chifukwa cha nsanje ya kuntchito. Anandizungulira, awiri n'kugwira mkonowo n'kuukokera m'mwamba mwamphamvu uku akupemphera kuti umasuke. Ndinakuwa, iwo n'kumati chiwanda chikutuluka. Sichinali chiwanda chimenecho, ndinali ine. Ndinawakwiyira amayiwo, ndipo sindibisa, ndinakwiyiranso Mulungu. Milungu itatu sindinapondeko kutchalitchi.

Kenako makolo anakadandaula, ndipo ahedi anabwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi. Sanaone chilembo ngakhale chimodzi. Anandiitanira mu ofesi n'kundiuza kuti zinthu zikapanda kusintha, temu ikatha ndisabwerenso. Ngakhale pamenepo sindinaulule. Ndikutuluka pageti pemphero langa linali lalifupi komanso laukali: Ambuye, ngati mukundionadi chitanipo kanthu, ine ndatopa.

Loweruka lake ndinanyamula madiresi anga atatu kupita nawo kwa telala wa pamsika, Ba Yusufu, bambo wachikulire wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi. Sindinkathanso kufikira zipi wakumbuyo, ndiye ndinawapempha kuti awang'ambe kutsogolo aikemo mabatani.

"Ba ticha, madilesi yabwino so, mufuna kuononga chifukwa chani?" anandifunsa.

Ndinawaonetsa pamene mkono unkalekezera n'kuwauza zoti akuti ndamangidwa, misozi n'kuyamba yokha. Iwo anaika lumo pansi.

"Bakazi banga benze chimozimozi," anatero. "Palibe wamene anakumangani apa. Yendani ku chipatala bakakujambuleni phewa. Madilesi siyani, nizayasunga, koma sinizayajuba na lumo."

Lolemba ndinapempha tsiku n'kupita. Adokotala anandionetsa kadontho koyera pachithunzi cha phewa langa. Anati ndi kashiamu amene anaundana mumtsempha umene umakweza mkono, wooneka ngati choko chonyowa. Miyezi yonseyi ndinkaopa mfiti ndi kansa, pamene vutolo linali ndi dzina komanso mankhwala ake. Anatsukamo ndi singano, anandibaya jakisoni, kenako anandiphunzitsa kuyendetsa zala pakhoma kukwera nazo pang'onopang'ono tsiku lililonse. Zinali zopweteka, ndipo zinatenga milungu yambiri.

Kalata ya kuchipatala ndinakaipereka kwa ahedi. Anaiwerenga n'kungondifunsa kuti, "Nanga simunakambe chifukwa chani?" Sanandichotse. Temu yachitatu itayamba ndinalemba deti pamwamba penipeni pa bolodi, kenako ndinatembenuka n'kupepesa kwa ana akumbuyo aja. Ena mwa iwo sanakhoze bwino mayeso, ndipo gawo langa pa zimenezo ndikulidziwa. Limenelo jakisoni sachiza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya, n'kuliyankha pakamwa pa telala amene sitipemphera naye tchalitchi chimodzi. Amayi aja ndinawakhululukira, ngakhale zinanditengera nthawi. Inu amene mukubisa ululu poopa kuchotsedwa ntchito, musachite ngati ine. Pempherani osafooka, koma pitaninso akakuoneni, chifukwa pamene inu mukubisa pali ena amene akuvutikira kubisa kwanuko.

Madiresi aja ndinakawatenga ali momwe ndinawasiyira, ndipo Ba Yusufu anangomwetulira. Limene ndavala polemba izi ndi limodzi mwa atatuwo. Zipi wake ali kumbuyo, ndipo ndatseka ndekha.