Sipuni pa Chivundikiro

Chaka chomwe ufa unakwera mtengo kawiri, bambo wina wovala yunifolomu ya ulonda ankasadzula chibwabwa, masamba a maungu, pa siteji ya ku Matero podikira minibasi. Mayi wogulitsa malasha pambali pake analephera kuugwira mtima.

"Ba tate, akazi anu adwala?"

"Ali bwino. Ba Ennie ayenda kugulitsa zovala za salaula faifi koloko m'mawa, ine nifika seveni kuchoka ku ntchito ya usiku. Tionana bwino pa Sande chabe."

"Manje aphika ndani?"

"Tonse. Beve ateleka binzi pa mbaula, ine nitsiriza."

"Poto umodzi anthu awiri? Simuononga?"

"Tinaonongapo. Anaika mchere, naine naika. Ana anakana kudya, malasha yanapita mahala. Manje tili na lamulo: sipuni ikakhala pa chivundikiro, mchere ulimo."

"Amuna anga angafe na nsoni. Anzanu sakusekani?"

"Aseka, koma akabwera sasiya kanthu m'mbale."

"Nanga ana akamba kuti aphika bwino ndani?"

Bamboyo anamanga masamba ake m'pulasitiki mosafulumira.

"Akangana tsiku lililonse, amayi. Wina ati ni amake, wina ati ndine. Zaka folo manje, akalibe kutigwira kuti tiphika tonse."